Mafunso Anu: HOA ikundiletsa kutsuka galimoto pakhomo panga pomwe

Mwezi uno makalata atatu abwera pa nkhani imodzi, ya kutsuka galimoto mdera la HOA, bungwe la eni nyumba lomwe limaika malamulo mdera lawo, onse ochokera kwa abale athu okhala ku America, ndiye ndangowaika pamodzi. Yoyamba ndiyankha motalikirapo chifukwa zambiri zomwe zili mmenemo zikukhudzanso enawo.

FUNSO: Zikomo akulu, ine ndili ku Texas kufupi ndi Houston. Chaka chatha ndinagula nyumba nditavutika zaka zambiri pa lendi. Ndimagwira ntchito mkati mwa sabata koma Loweruka ndi Lamulungu ndimayendetsa Uber ndiye galimoto imayenera kukhala yoyera nthawi zonse, munthu akakwera mmatope amakupatsa nyenyezi zochepa basi. Loweruka lililonse mmawa ndimatsuka panja pa galaja yanga ndi payipi, sindisokosera munthu, wailesi sindiyatsa. Pano ndalandira kalata kuchokera ku HOA yoti ndikuphwanya lamulo, kutsuka galimoto panja nkoletsedwa ndipo ndikapitiriza andilipiritsa chindapusa. Abale nyumba ndagula ndi ndalama zanga, madzi ndimalipira ndekha, ndiye munthu wina angandiuze bwanji zochita pabwalo panga? Ndikufuna ndingoitaya kalatayo, mukuti bwanji? — Bambo wa ku Texas

YANKHO: Achimwene, kalatayo musataye, ndayamba ndi chimenechi chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amapwetekera. Kupsa mtima kwanu ndikukumvetsa ndithu, munthu wavutika zaka kusunga ndalama kuti ukhale pako kenako wina akulembera kalata pa nkhani ya ndowa ndi sopo, zimawawa. Koma kalata ya HOA siili ngati dandaulo la neba lomwe mungaliyankhe ndi moni wabwino mawa lake, kumbuyo kwake kuli pepala lomwe khoti limalilemekeza.

Tsiku lija mumasaina mapepala ogulira nyumba, mu mulu uja munali chikalata chotchedwa CC&Rs, ena amangoti declaration, momwe muli malamulo akuluakulu a dera lanulo. Chikalata chimenechi chinalembetsedwa ku ofesi ya malo ya county yanu nthawi yomwe dera lanulo linkamangidwa, ndipo chimamatirira pa malowo osati pa munthu, kutanthauza kuti aliyense wogula nyumba mmenemo walowa mu HOA kaya wawerenga kaya sanawerenge, kaya akufuna kaya sakufuna. Ndipo simuli nokha, anthu oposa 70 miliyoni ku America amakhala mmadera oyendetsedwa ndi mabungwe otere, makamaka nyumba zatsopano ku Texas, Florida ndi California nkovuta kupeza yopanda HOA. Misewu yoyera, kapinga wodulidwa bwino, dziwe losambira la onse, zonsezo zimabwera ndi malamulo ake, walira mvula walira matope.

Koma izi sizikutanthauza kuti chilichonse chomwe alemba mukalatamo nchoona ayi. Apa ndi pomwe ndikufuna mukhale pansi ndi mapepala anu madzulo amodzi. Malamulo a HOA ali ndi msinkhu wake. Pamwamba pali malamulo a dziko ndi a state, kenako CC&Rs, kenako ma bylaws omwe amanena mmene bungwelo liziyendera, ndiye pansi penipeni timalamulo tomwe bodi imapanga yokha pa misonkhano yake. Kalamulo ka pansi sikangatsutsane ndi ka pamwamba, ndipo bodi singangodzuka nkuletsa chinthu ngati CC&Rs sinaipatse mphamvu yopanga malamulo pa chinthu chimenecho. Ndiye alembereni imelo yaulemu, osati yaukali, muwafunse funso limodzi lokha, kuti lamulo lomwe ndaphwanyali lili mu chikalata chiti, ndime iti, nditumizireni mawu ake enieni. Mudzadabwa kuti nthawi zina mawuwo amanena za kukonza galimoto, monga kusintha oilo kapena kuikweza pa jeki, ndipo za kutsuka mulibemo, wina wangotanthauzira mmene akufunira. Nthawi zinanso lamulolo limaletsa kutsukira pamsewu kapena pamalo a onse koma pakhomo panu silikufikapo. Ndipo pena limanenadi mosabisa kuti kutsuka panja ayi, zikatero ndiye mwadziwa pomwe mwaima.

Ku Texas kuli chinthu china chokuthandizani. Malamulo a malo a kumeneko, Texas Property Code, amati zikalata zoyendetsera HOA ziyenera kulembetsedwa ku county ndipo chomwe sichinalembetsedwe sichigwira ntchito kufikira atachilembetsa. Ndiye ngati kalamuloka kanangotuluka mu nyuzileta ya bodi kapena pa gulu lawo la Facebook, funsani kuti kanalembetsedwa liti. Chaputala 209 cha malamulo omwewo chimanenanso kuti asanakulipiritseni chindapusa ayenera kukutumizirani kalata ya certified mail yofotokoza cholakwacho, akupatseni nthawi yokonza ngati nchinthu chokonzeka, ndipo muli ndi masiku 30 opempha kuti bodi ikumveni. Masiku amenewa ndi omwe amatha muli chikwiyire kalata ili mu bini. Ndikudziwa ambiri amaopa zoti HOA imalanda nyumba, ku Texas sangagulitse nyumba yanu pa ngongole ya zindapusa zokhazokha, koma musatengerepo mwayi nkusiya kulipira ndalama zanu za mwezi kapena za chaka zija pofuna kuwakhaulitsa, ngongole imeneyo ndi yomwe imafikitsa anthu kwa maloya ndipo imatha kudyetsa nyumba. Limbanani ndi chindapusa koma zapamwezi muzilipira osaphonya.

Tsopano ndinene mbali yomwe mwina simuikonda. Malamulo ena a HOA ndi ongofuna dera lizioneka bwino basi, mtundu wa penti, kutalika kwa udzu, koma ili la kutsuka galimoto lili ndi chifukwa china chomwe ine ndimachiona kuti nchomveka. Madzi omwe amatsika pa simenti yanu nkulowa mu ngalande ya mumsewu ija sapita komwe amapita madzi a kubafa kapena a mu sinki. Mmizinda yambiri ya ku America mapaipi ndi awiri osiyana, a mnyumba amapita kokayeretsedwa, a mumsewu ndi a madzi a mvula ndipo amakathira mumtsinje kapena mu dziwe momwemo osasefedwa. Ku Houston kwanuko ndiye kuti amalowa mu mitsinje ija amaitcha ma bayou mpaka kukafika ku Galveston Bay. Ndiye sopo, oilo, girisi, ndi fumbi lakuda lija la mabuleki lomwe mumachotsa pa marimu zonse zimapita kwa nsomba. Fumbi la mabulekilo limakhala ndi kopa, ndipo nkhani yake inakula mpaka mu 2010 Washington ndi California anakhazikitsa malamulo ochepetsa kopa mu ma brake pad chifukwa amaononga nsomba monga salmon. Madera ambiri a HOA alinso ndi dziwe lawo lomwe limasunga madzi a mvula, ndipo likaonongeka amalikonza ndi ndalama zomwe inu nomwe mumasonkha.

Chilungamo chake nchakuti malamulo a boma lalikulu pansi pa Clean Water Act ya 1972, lamulo loteteza madzi, saletsa munthu kutsuka galimoto yake pakhomo, malamulo a EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amaika kutsuka kwa pakhomo mu gulu la zinthu zololedwa pokhapokha mzinda utaona kuti kukuipitsa madzi kwambiri. Ndiye wina asakuopsezeni kuti mwalakwira boma. Koma HOA ili ndi ufulu wokhwimitsa kuposa boma ngati zikalata zake zikuilola, ndiye mfundo yoti boma silinaletse siikupulumutsani pamaso pa bodi.

Nanga galimoto ya Uber ija mutani nayo? Ine ndikanakhala inu ndikanasiya payipi kaye pomwe nkhaniyi ikuyenda. Kuli katsukidwe kotchedwa rinseless, mumathira timankhwala pang'ono mu ndowa ya madzi okwana magaloni awiri, mmodzi wodziwika ndi Optimum No Rinse koma alipo ambiri, mumaviika tinsalu ta microfiber, kupukuta chitseko chimodzi, kuumitsa ndi kansalu kouma, kupita pa china, osatsukuluza ndi madzi. Mumapangira mkati mwa galaja chitseko chili chotseka, pansi pamangodontha pang'ono, kumsewu sikupita kanthu, ndipo madzi otsala mu ndowa mumakathira mu sinki kapena mchimbudzi kuti apite kokayeretsedwa. Kwa galimoto yomwe imatsukidwa sabata iliyonse ngati yanuyi zimakwana bwinobwino. Chenjezo langa ndi limodzi, ikakhala ndi matope okakamira musayambe ndi kansalu mudzakanda penti, pitani kaye ku malo aja otsuka wekha oponya makobidi kapena kadi mukaithire madzi amphamvu, kwinako mudzamalizire kunyumba. Malo amenewo madzi awo amakhala ndi kopita kovomerezeka. Mkati mwa galimoto ndiye palibe vuto, vakyumu ndi kansalu mu galaja mwanu, ndipotu wokwera Uber amayamba waona mipando ndi fungo asanaone matayala.

Ngati mawu a lamulolo akudandaula za madzi olowa mumsewu basi, afunseni molemba ngati angalole kutsukira pa kapinga pomwe madzi amalowa munthaka, kapena katsukidwe ka ndowa kaja panja. Akavomera, chilolezocho chikhale cholembedwa, chifukwa bodi imasintha ndipo wa chaka chamawa sadzakumbukira zomwe munagwirizana pakamwa.

Ndipo ngati lamuloli likukunyansanibe, lingasinthike. Likakhala lopangidwa ndi bodi, bodi yomweyo ikhoza kulifewetsa pa msonkhano umodzi, mwachitsanzo kulola ndowa ndi payipi yokhala ndi kotsekera kumapeto. Likakhala mu CC&Rs pamafunika voti ya eni nyumba ambiri ndipo ndi ntchito yaikulu. Misonkhano imeneyi nthawi zambiri mumakhala anthu ochepa kwambiri, inu ndi maneba anayi kapena asanu mutapita ndi pempho lolembedwa bwino amakumverani. Mwini nyumba ndinu membala, muli ndi voti, mukhoza kuimanso pa chisankho cha bodi, ichi abale athu ambiri sachigwiritsa ntchito ndipo zimandidandaulitsa.

FUNSO: Ndine mayi ndili pa lendi ku California, mdera la HOA. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 19 waphunzira detailing pa YouTube ndipo ali nalo luso zedi, amapolisha galimoto mpaka kumaoneka ngati yatsopano. Anzake ndi anthu a kutchalitchi amabweretsa magalimoto awo pakhomo iye nkumapeza kangachepe ka sukulu. Pano alandilodi andiimbira kuti HOA yawalembera ndipo chindapusa chikabwera ndilipira ndine. Ine sindinasaine kanthu ndi HOA, nanga zikundikhudza bwanji? Mwanayu ndimuletse? — Mayi wa ku California

YANKHO: Amayi, choyamba mnyamatayo muyamikireni, mwana wa zaka 19 wodzipezera ndalama ndi manja ake ndi dalitso ndipo luso limenelo lisafe chifukwa cha kalata. Koma ndikuuzeni zoona, pa nkhani yanuyi HOA yaima pamalo olimba kuposa pa ya achimwene a ku Texas aja.

Za kusaina zija, yang'anani pepala lanu la lendi, ambiri amakhala ndi ndime yoti wokhala mnyumba azitsata malamulo a HOA ndipo chindapusa chobwera chifukwa cha iye alipira yekha. HOA imalipiritsa mwini nyumba chifukwa membala ndi iyeyo, iye nkutembenukira kwa inu kudzera mu ndime imeneyo. Ngati sanakupatseniko malamulowo pomwe mumalowa, apempheni lero, ndipo muwapemphenso kalata yeniyeniyo muione ndi maso anu osangomva pafoni.

Vuto lalikulu apa si sopo ayi, ndi bizinesi. Pafupifupi CC&Rs iliyonse imati nyumba ndi zokhalamo, ntchito ya pa kompyuta mchipinda palibe amene amailabadira, koma magalimoto achilendo akamabwera motsatizana, makina opolishira akulira maola atatu, vakyumu, madzi akuyenda mumsewu Loweruka lonse, imeneyo ndi bizinesi yooneka ndi maso ndipo maneba amadandaula msanga. Kuonjezera apo chifundo chija chomwe malamulo a madzi amachitira munthu wotsuka galimoto yake sichifika kwa wotsuka kuti alipidwe, mizinda ya ku California imafuna otsuka a bizinesi azikola madzi awo akuda nkukawataya kovomerezeka, osati mu ngalande ya mvula. Ndiye apa si HOA yokha, ngakhale a mzinda akhoza kulowererapo. Kumeneko nkhani ya madzi saiseweretsa, pa chilala cha 2014 boma la California linaletsa kutsuka galimoto ndi payipi yopanda kotsekera kumapeto ndipo chindapusa chake chinkafika madola 500.

Pa ndalama musachite mantha kwambiri. Lamulo loyendetsa ma HOA ku California, Davis-Stirling Act, limati asanapereke chilango ayenera kudziwitsa mwini nyumba masiku 10 msonkhano womumvera usanachitike, ndipo kuyambira mu 2025 zindapusa zambiri za HOA kumeneko sizipitirira madola 100 pa cholakwa chimodzi kupatula zokhudza thanzi ndi chitetezo cha anthu. Chomwe ndikukuoperani ine ndi ubale wanu ndi alandilodi, munthu akatopa ndi makalata lendi ikatha sakuonjezeraninso, ndipo kupeza nyumba ina ku California inu mukudziwa mmene kulili. Ndiye auzeni alandilodi molemba kuti magalimoto a anthu asiya kubwera kuyambira sabata ino, iwo akauze HOA kuti vuto lakonzedwa msonkhano usanafike.

Mnyamatayo asinthe kachitidwe, iye azipita kwa makasitomala. Ntchito yambiri ya detailing, kuchapa mipando, kupaka wakisi, kupolisha, kuyeretsa magalasi a nyali, siifuna madzi ambiri, ndipo kunja akhoza kutsuka ndi ndowa mmene ndafotokozera pamwambapa. Akayamba kupeza bwino agule mphasa ija yoyala pansi pa galimoto yokola madzi, apite ku ofesi ya mzinda akafunse za laisensi ya bizinesi, komanso aganizire za inshuwalansi chifukwa makina opolishira akangopsereza penti ya galimoto yodula phindu la chaka chonse lapita. Asanapite kwa kasitomala azifunsa ngati nayenso ali mu HOA, asakasamutsire vuto lanu pakhomo pa wina.

FUNSO: Ine ndili ku Florida. Neba wanga amatsuka pikapu yake Lamulungu lililonse thovu mpaka mumsewu palibe chomwe amamuuza, ine ndinangotsuka kawiri kalata yabwera kale. Mumsewu wathu wakuda ndine ndekha. Kodi si tsankho limeneli? — Mchemwali wa ku Florida

YANKHO: Achemwali, sindikuuzani kuti mukuganiza molakwa, zoterezi zimachitika ndipo munthu amene zikumuchitikira amazimva mumtima asanakhale ndi umboni. Koma pamaso pa komiti kapena khoti chomwe chimagwira ntchito ndi umboniwo, ndiye tiyambe kuusonkhanitsa modekha.

Dziwani kaye kuti makalata a HOA amapita kwa munthu payekha, nkutheka nebayo amalandiranso koma amangolipira kapena kunyozera inu osadziwa. Ma HOA ambiri amayendanso ndi madandaulo, wina akaimba foni ndi pomwe kalata imatuluka, ndiye mwina pali munthu mmodzi yemwe maso ake ali pa inu nokha, chomwenso si chabwino. Muzilemba tsiku ndi nthawi iliyonse yomwe mwaona ena akutsuka, chithunzi mujambule muli pakhomo panu kapena pamsewu, osalowa pabwalo pa munthu ndipo osakangana naye nebayo chifukwa mlandu wanu suli ndi iye. Makhoti a ku Florida amaidziwa bwino mfundo yotchedwa selective enforcement, yoti bungwe silingakhwimitse lamulo kwa mmodzi likulekerera ena pa cholakwa chomwecho, ndipo ndi chodzitetezera chomwe mungachinene pa msonkhano wokumverani.

Msonkhano umenewo ndi ufulu wanu. Chaputala 720 cha malamulo a Florida chimati akudziwitseni masiku 14 chindapusa chisanakhazikike, ndipo akumveni ndi komiti ya anthu osachepera atatu omwe sali mu bodi kapena achibale a mu bodi, komitiyo ikakana chindapusa chagwa. Nthawi zambiri ndi madola 100 pa cholakwa ndipo zonse pamodzi sizipitirira 1,000 pokhapokha zikalata za dera lanu zitanena zina. Pitani ndi zithunzi zanu ndi masiku anu, mufunse mwaulemu kuti lamuloli lagwiritsidwa ntchito kangati chaka chino, ndipo ngati ndinu mwini nyumba muli ndi ufulu wopempha molemba kuona mabuku a bungweli.

Mukaona kuti si galimoto yokha, kuti makalata akubwera pa udzu, pa bini, pa alendo anu, pomwe ena akuchita zomwezo osakhudzidwa, pamenepo nkhani yalowa mu Fair Housing Act ya 1968 yomwe imaletsa tsankho la mtundu, khungu kapena dziko lomwe munthu anachokera, ndipo imakhudzanso ma HOA. Dandaulo mumakapereka ku HUD, dipatimenti ya boma yoona za nyumba, kwaulere popanda loya, koma lisapitirire chaka chimodzi kuchokera pomwe chinthucho chinachitika, ndiye makalata onse muzisunga mu fayilo imodzi pamodzi ndi ma envulopu ake chifukwa tsiku la positi limafunika. Pakadali pano payipi ipumuleni kaye kuti asapeze chachitatu chokulemberani, ndipo msonkhanowo ukachitika mutilemberenso tidziwe mmene komiti yayankhira.